Mathero a Filimu ya Amayi

Aphunzitsi, mwana woyamba wa m'nyumbamo, anali kupinda malaya a bambo awo n'kumaponya m'chikwama pamene mng'ono wawo, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Chitsiriza, analowa kuchipinda.

"Mukutani, asisi?"

"Ukuona wekha. Mawa bambowa ndikawatula kwa abale awo. Nyumba ino inali ya amayi, ndipo amayiwo tawaika m'manda."

Kunja mvula inkawaza. Anthu a pamaliro anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. M'nyumbamo munatsala atatu okha: ana aakazi awiriwo ndi bambo awo, amene anali pabalaza.

Bambowo anachoka pakhomopo Chitsiriza akukwawa, n'kukakhala ndi mkazi wina. Anabwerera chaka chatha, matenda a shuga atawadya maso, atanyamula jumbo m'manja. Amayi anawatsegulira chitseko. Aphunzitsi, amene anakula akuona amayi awo akusoka zovala za anthu mpaka msana kupindika, sanawapatsepo moni kuyambira tsikulo.

"Amayi anawakhululukira," anatero Chitsiriza. "Inu simumakhala pano, simukudziwa. Pali filimu ya ku Nigeria imene ankaonera masana alionse. Mwamuna amathawa mkazi wake, kenako amabwerera, n'kugwada pamvula. Mkazi uja amalira, chikondi n'kuyambiranso. Munthu sabwereza filimu yotero ngati mtima wake sukufuna zomwezo."

Aphunzitsi anatsonya.

"Za m'mafilimu izo. Kumeneko mwamuna amabwerera ndi galimoto ndi maluwa. Kuno amabwerera ndi jumbo la mapiritsi."

"Koma asisi, munthu wosaona apite kuti? Abale awowo ngakhale kumaliro abwera?"

"Ife atatisiya tinapita kuti?"

Pabalaza panamveka kutsokomola. Khoma la nyumbayo linali lopyapyala, ndipo onse awiri anadziwa kuti bambowo amva zonse.

"Chitsiriza," anaitana bambowo. "Sindikana kupita. Koma ndisanachoke, tandiikira filimu ija."

Chimbale cha filimuyo chinali chidakali m'makina, mmene amayi anachisiyira tsiku limene anapita kuchipatala. Chitsiriza anayatsa kanema. Bambowo anasendera kumapeto kwa sofa, n'kusiya malo a munthu mmodzi pambali pawo. Aphunzitsi anaima pakhomo la kuchipinda atapinda manja.

"Uzindiuza zimene zikuchitika," anatero bambowo. "Chizungu chawocho chimathamanga, ndipo maso ndilibe. Amayi ako ndi amene ankandifotokozera."

Chitsiriza anayamba kufotokoza. Nyumba yaikulu ya geti lachitsulo. Mkazi akulera yekha mwana. Mwamuna akutsika m'galimoto, tsitsi litachita imvi. Bambowo ankangogwedeza mutu, nthawi zina n'kutsogoza okha mawu: "Apa ndiye pamene apongozi amamuthira madzi." Ngakhale Aphunzitsi anangozindikira atakhala pampando.

Filimu itayandikira kumapeto, Chitsiriza anapukuta misozi.

"Wagwada pamvula tsopano. Mkazi uja watsegula geti. Wamudzutsa, wamukumbatira. Apa ndi ukwati, abambo, onse avala zoyera."

Bambowo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Amayi ako sankatero."

"Ankati bwanji?"

"Ankati, 'Wakana. Wamutsekera geti. Mwamuna uja akubwerera yekha, matope mpaka m'mawondo.' Kenako ankawonjezera kuti, 'Wachita bwino. Mkazi wanzeru ameneyu.'"

Chitsiriza anayang'ana kanema, pomwe akwati ankavina ndalama zikuwagwera pamutu, kenako anayang'ana bambo ake.

"Ndiye kuti ankakunamizani?"

"Amene anafa ndi maso angawa, mwana wanga, makutu ndili nawo. Ng'oma ndi nthungululu ndinkazimva. Geti limatsekedwa ndi nthungululu?"

"Nanga bwanji simunkawatsutsa?" anafunsa Aphunzitsi. Aka kanali koyamba kuwalankhula, ndipo mawuwo anatuluka ngati awapulumuka.

Bambowo anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo.

"Ndikanayamba ndi mawu ati? Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinawafunsa ngati anandikhululukira. Anati, 'Anthu a mafilimuwa ndi abodza. Akuyesa chikondi ndi mbaula, yoti ukaipemerera imayakanso. Changa chinasanduka phulusa kalekale. Imwani tiyi, akuzizira.' Sanandikhululukire, Chitsiriza. Usadzinamize. Mkulu wakoyu akunena zoona."

Chitsiriza anaphimba nkhope ndi manja. Kwa chaka chathunthu ankauza anzake kuti makolo ake abwererana ngati m'filimu, ndipo ndi zimene zinkamutonthoza pamaliro ponse.

"Ndiye ankaiikiranji tsiku ndi tsiku?" anafunsa akusisima.

"Mwina kuti ndizimva yankho limene linandiyenera. Sindikudziwa." Bambowo anapapasa malo opanda munthu aja. "Chimene ndikudziwa n'chakuti pamene ankanena kuti 'wakana', phazi langa limakhala lili pamiyendo pawo. Adokotala anati munthu wa shuga asamatemeke kuphazi, chilonda sichipola. Ndiye ankandiwenga zikhadabo okha, pang'onopang'ono, n'kundidzoza mafuta pakati pa zala. Pakamwa akunditsekera geti, manja ali pantchito."

Filimu inatha. Mayina anakwera pakanema, nyimbo n'kuzilala. Panatsala phokoso la madontho ogwera m'ndowa imene inatchingidwa pakona, pomwe denga linkadontha.

Aphunzitsi anayang'ana pansi. Mapazi a bambowo anali m'masilipasi akutha, zidendene zitang'ambika, zikhadabo zitakula mpaka kupindikira m'mnofu. Chigonekedwere amayi m'chipatala, palibe amene anaziganizira.

Aphunzitsi anaimirira, n'kupita pa makina osokera a amayi awo. Anatsegula kadirowa, anafufuza pakati pa mabatani ndi ulusi, mpaka anapeza chowengera zikhadabo. Anakoka kampando, n'kukhala patsogolo pa bambowo.

"Kwezani phazi."

Bambowo anazengereza, kenako anakweza.

"Ndipo musaganize kuti ndakukhululukirani."

"Ndamva, mwana wanga."

Chitsiriza anapukuta maso ndi nsonga ya bulauzi.

"Nanga za ulendo wa mawa, asisi?"

"Za mawa tikamba mawa," anatero Aphunzitsi, atawerama, chala chachikulu cha bambowo chili m'manja mwawo. "Tayatsa getsi. Sindikuona bwino, ndingawateme."