Abwana pa Njinga ya Olumala

"Mwetulirani, achimwene! Mano onse panja!" anakuwa wojambula, bondo limodzi lili pansi.

Ndinamwetulira. Chaka chilichonse, ikayandikira nthawi ya lipoti losonyeza kuti kampani yathu imasamala za olumala, ankandichotsa pa desiki yanga yoyankhira mafoni, kundipukutira njinga, n'kundikhazika pansi pa chikwangwani. Wolumala ndinalipo ndekha panthambi yonse, ndiye tsiku limenelo ndinkakhala ngati mkwati. Masiku ena onse ndinali munthu amene njinga yake sinkalowa pakhomo la chimbudzi. Zikandithina ndinkawoloka msewu kupita pamalo omwetsera mafuta. Kudandaula ndinadandaula mpaka malovu kuuma.

Chaka chimenecho kunabwera mayi wamkulu wa kulikulu la kampani, kutsidya kwa nyanja. Mtima wabwino anali nawo, wochita kusefukira.

"Sindikufuna chithunzi chabe," anatero. "Ndikufuna ndimve zimene mumamva inuyo. Ndipezereni njinga."

Bwana woona za antchito anathamanga kukabwereka ina kuchipatala, thukuta lili kamukamu.

"Mpaka nthawi yoweruka, mayi?" ndinafunsa.

"Mpaka yoweruka! Wojambula, musandisiye."

Apo ine ndinasanduka wochereza alendo. "Tiyi wina, mayi? Kwazizira lero." Anamwa. "Nanga timadzi tazipatso iti?" Anamwanso. Ndinkathira ndi mtima wonse, dzanja osanjenjemera.

Dzuwa litapendeka ndinaona mayi ayamba kutakataka pampando. Anapalasa kulunjika kuchimbudzi, matayala pamphuthu, gu! Anabwerera m'mbuyo, kuyesa cham'mbali, gu!

"Ingoimirirani, mayi, palibe akuona," ananong'ona bwana uja.

Kamera inaphethira.

Mayi anandiyang'ana. "Nanga inu mumatani?"

"Nditsateni."

Tinawoloka msewu mondondozana ngati abakha, ine patsogolo, mayi pambuyo, bwana akuimitsa magalimoto ndi tayi, mahutala ali pokopoko. Bambo womwetsa mafuta, mnzanga wakalekale, anatiwonera patali.

"Lero mwabwera ndi alamu athu?" anaseka. "Koma mudikire kaye, m'chimbudzimo muli munthu. Wangolowa kumene, ndipo watenga nyuzipepala."

Nkhope imene mayi anaonetsa pamenepo ndidzafa nayo. Ndinaseka chamumtima, komanso chisoni chinandigwira, poti nkhope imeneyo ndinkaidziwa bwino. Inali yanga ya tsiku ndi tsiku.

Sabata isanathe nyundo zinali kulira kuofesi. Khomo la chimbudzi analikulitsa moti ngolo ikhoza kulowa, koma pofuna kusangalatsa akulikulu anaikapo chitseko chodzitseka chokha, champhamvu ngati ng'ombe. Ndikachikankha chinkandibweza ndi njinga yomwe.

Kenako lipoti linafika, lonenepa, lonyezimira, lolemera bwino. Tsopano m'mawa uliwonse ndimaligwetsa pansi n'kulikankhira ndi tayala kuti ligwire chitsekocho. Limakhala pomwepo mpaka madzulo, nkhope yanga ili pachikuto, ikuyang'ana kudenga la chimbudzi, mano onse panja.