Malata a ku Ntcheu

Zakeyu Chimbalanga anali munthu wodziwa malata. Akalowa m'sitolo ya zomangira ku Alrode, kuno ku Joni, sankafunsa wogulitsa. Ankagwira lata pakona, n'kulipinda pang'ono ndi chala, kenako n'kuligogoda. Likalira ngati chitini chopanda kanthu, ankalisiya pomwepo. Ntchito yake inali yofolera nyumba za eni ake, ndipo lata lopyapyala ankaliona ngati chipongwe.

Koma mukanaona kachipinda kamene mwini wakeyo ankachita lendi, kuseri kwa nyumba ya mayi wina ku Vosloorus, mukanaseka. Denga linali la zigamba zotola, dzimbiri lokhalokha, pamwamba atapsinjapo njerwa ndi tayala. Malata enieni, ochindikala bwino, analipo ndithu. Ankawagula limodzilimodzi chifikireni ku Joni, n'kumawasanja m'mbali mwa khoma atawafunditsa pulasitiki. Amenewo anali a nyumba ya kwawo ku Ntcheu, imene inali idakali pa maziko. Pa lata la pamwamba analembapo ndi penti yofiira dzina lake ndi la mudzi wake, kuti tsiku lokweza pa lole katundu asadzasochere.

Ambiri a ife tinkakhala choncho. Chabwino n'cha kumudzi, cha kuno bola chifike mawa. Kugula ngakhale mpando wooneka bwino kunali ngati kulengeza kuti watchona, ndipo dzina limenelo palibe ankalifuna.

"Bambo a Edna, beseni ladzadzanso," ankatero Mervis, mkazi wa Zakeyu, mvula ikamagwa.

"Kuno tikungodutsa, mayi. Chaka chamawa tikupita."

Chaka chamawacho chinatchulidwa Edna ali m'mimba, chinatchulidwanso akukwawa, ndipo tsopano mwanayo ankayankhula Chizulu kuposa makolo ake.

Masana ena mu Novembala 1997 kunagwa matalala, aja a kuno aakulu ngati mazira. Zakeyu anali kuntchito ku Boksburg. Pobwera anapeza denga lili mabowo okhaokha, matiresi ali panja, Mervis atakhala pachidebe atafungatira Edna. Chifuwa chimene chinamugwira mwanayo m'nyengo yozizira chinali chitabwerera, chikumveka mpaka pageti.

Mervis sanakalipe. Bola akanakalipa.

"A nesi ananena kale kuti vuto ndi chinyezi. Manje inu sankhani. Malata anu aja sananyowe ngakhale dontho, munawafunditsa bwino. Mwana ndi uyu."

Zakeyu anapita kwa mayi mwini malo kukapempha chilolezo choti akonze yekha denga. Mayiyo anavomera msanga, koma anawonjeza mawu amodzi: chokhomedwa pamalo pake sichizulidwanso, tsiku losamuka chimatsala.

M'mawa mwake anakwera takisi kupita ku Alrode ndi nzeru yomwe ankaiona ngati yabwino. Agule malata opyapyala, otchipa, atseke mabowo, a ku Ntcheu akhale osakhudzidwa. Anafika pamulu wa opyapyalawo, n'kugwira limodzi pakona. Linapindika ngati chikuto cha buku. Analigogoda, linalira momwe ankadziwira kuti lilira. Anayesa lachiwiri, kaya ankayembekezera chiyani. Denga lotere akanakana kulikhoma ngakhale pa nyumba ya munthu amene sagwirizana naye, ndiye pansi pake pagone Edna? Manyazi anamugwira pakati pa sitolo, ndipo anatuluka chimanjamanja.

Atafika kunyumba analunjika pamulu wa malata ake a ku Ntcheu aja. Anamasula chingwe, n'kuvundukula pulasitiki ija. Malata anang'anima ngati agulidwa dzulo. Anagwetsa zigamba zonse, anasintha matabwa ofumbwa, n'kuyamba kukhoma. Msomali uliwonse unkamupweteka mumtima, chifukwa ankadziwa kuti maziko a ku Ntcheu amerapo udzu chaka chinanso, mwina zaka. Komabe anakhoma mowongoka, mosathamanga, monga amakhomera kwa anthu olemera.

Lamlungu masana mvula inabweranso. Edna anali mtulo, akupuma bwinoko. Mervis anaika beseni pamalo pake mwachizolowezi, koma linangokhala louma. Atakweza maso anaona zilembo zofiira pamwamba penipeni pa bedi: Z. CHIMBALANGA, NTCHEU, MALAWI.

"Hawu, bambo a Edna, mwalakwitsatu. Zolembazi bwenzi zitayang'ana kunja."

"Sindinalakwitse," anatero Zakeyu. "Edna akadzayamba kuwerenga, adzayambire pamenepo."

Mervis anadikira kuti amve za chaka chamawa. Zakeyu anangotola beseni lija, n'kukaliika panja.