Mawu a Foster Asowa mu Laputopu

Laputopu ya malemu Foster inali itagawidwa kale. Dzulo lake akuluakulu a kuchimuna adakhala pabalaza m'nyumba ya ku Katawa ija n'kugawa katundu monga mwa mwambo: jekete kwa uyu, nsapato kwa uyo, njinga kwa amalume. Chinthu chimodzi, munthu mmodzi. Laputopu idagwera Brave, mng'ono wake wa malemuyo, poti ndiye amakayamba ntchito ku Karonga. Keziya, mkazi wa Foster, sadatsutse. Akadatsutsa ndani, munthu wa ku Balaka, wobwera, misozi isanaume n'komwe? Adangopempha kuti amusiyire makinawo mpaka masana.

Sikuti ankafuna laputopuyo. Inali nkhalamba, mabatani ena atathothoka, batire losachedwa kufa. Chimene ankafuna chinali m'kati. Foster adalemba kapulogalamu m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python kophunzitsira mwana wawo Luntha Chitumbuka, poti mwanayo ankangotafuna Chichewa cha amayi ake ndipo agogo ake ankadandaula. Kapulogalamuko kankaonetsa chithunzi, kaya cha galu kaya cha madzi, kenako mawu a Foster mwiniwake ankamveka akufunsa kuti ichi n'chiyani: "Luntha, nchivichi ichi?" Mwana akayankha n'kudina batani, bambo ankaseka n'kumuyamikira. Mawu amenewa kunalibenso kwina kowapeza. Foni ya Foster idaphwanyika pa ngozi yomwe idamutengayo. Ndipo Brave adanena mosabisa kuti asanakwere basi adzera m'tauni kuti anyamata okonza akafufute zonse, makina akayambe ngati atsopano.

M'mawa umenewo nkhungu idatsika kuchokera ku Kaning'ina n'kuphimba Katawa yense, magetsi nawo n'kuthima. Keziya adadzitsekera kuchipinda. Pabedi panali laputopu ziwiri: ya Foster ndi ya ku ofesi kwake, kumene ankagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogula khofi. Za mapulogalamu ankadziwako pang'ono, zimene mwamuna wake ankamuphunzitsa mwanthabwala Loweruka masana. Adaganiza kuti ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Adakopera foda yonse pa fulashi, n'kuisamutsira mu laputopu ya ku ofesi, n'kudina.

Chithunzi osabwera. M'malo mwake panatuluka mizere ya Chingerezi, wapansi penipeni ukuti PermissionError.

"Aaa, iwe! Chilolezo cha chiyaninso?"

Adadinanso, ngati makina amamva kukakamiza. Zomwezo. Adaimirira, adakhala, adaimiriranso. Kenako adakumbukira mawu a Foster: usamathawe uthenga wa cholakwa, uziuwerenga kuyambira pansi, umakuuza pamene pakupweteka. Adawerenga. Pulogalamuyo poyamba inkafuna kupanga fayilo yatsopano yosungiramo nyenyezi zimene Luntha wapambana, ndipo makina a ku ofesi ankakana. Ee, n'zoona, mwa phuma lake adaiponya mu foda imene mkulu wa makompyuta kuntchito adaitseka kuti akalaliki asamalembemo zawo. Adaikoka n'kuiika mu foda ya dzina lake. Adadina.

Galu uja! Galu wa khutu limodzi lopindika amene Foster adamujambula pa msika wa ku Mchengautuwa. Keziya adaweramira sikirini. Adadikira mawu.

Galu adazimiririka. Mizere inabweranso, koma ina: FileNotFoundError. Fayilo imene pulogalamu ikufuna kutsegula palibe.

Pakhomo panamveka kugogoda.

"Alamu, mwafika pati?" Anali Brave.

"Ndatsala pang'ono, alamu."

"Yewo. Kungoti anyamata aja Loweruka amatseka msanga. Amama nawo akufuna minibasi ya ku Rumphi isanadzaze."

"Ndamva."

Anali atanama, ndipo ankadziwa. Adabwerera ku laputopu ya Foster n'kubayamonso fulashi, akuganiza kuti waiwala kukopera foda ina. Pofuna kungomva mawuwo kamodzi, mtima ukhale pansi, adayendetsa pulogalamuyo momwemo, m'nyumba mwake mwenimweni. Galu adaonekera, n'kuzimiririka. FileNotFoundError.

Momwe muno? Muno mmene Luntha ankasewerera tsiku lililonse bambo ake ali moyo? Keziya adachita mantha enieni, mantha oti mwina ndi iyeyo wafufuta, kuti pokopera paja chala chidaterereka. Adatsegula bini ya zotayidwa: munali zithunzi ziwiri za mpira basi. Adalamula makina afufuze fayilo iliyonse ya mawu. Makina adapukusa, adapukusa, ngati munthu wofunafuna chenji m'matumba, n'kutulutsa nyimbo za kwaya ndi ulaliki wa chaka chatha. Pakona ya sikirini kachizindikiro ka batire kanali katafiira.

Kubalaza anthu ankakoka zikwama. Wina ankafunsa chingwe chomangira thumba la ufa. Wina ankaitana wa kabaza pafoni, mofuula ngati wa kabazayo ali ku Ekwendeni. Keziya adamva ukali ukukwera, ukali pa onsewo, ndi pa Foster yemwe. Munthu wanji wosalongosola zinthu? Masokosi pena, makiyi pena, ndiye pano mawu ake omwe wakawataya kosadziwika!

Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chakuda n'kutsegula pulogalamu yeniyeniyo, mizere imene Foster adalemba ndi zala zake. Uthenga wa cholakwa unkatchula mzere wake. Adatsika nawo mpaka adaupeza. Pamenepo pulogalamu inkauzidwa kokatenga mawu, ndipo njirayo inkayamba ndi chilembo E. Pamwamba pake Foster adasiya kandemanga kodzikumbutsa yekha: "ndisamutsa mawa."

"Mawa lako lija ndi limeneli," adatero Keziya mokweza.

Koma E ndiye kuti? Zonse za m'kati mwa laputopu zimakhala pa C, zimenezo ankadziwa. Adatsegula pamene makina amaonetsa zosungira zake. C analipo. E analiponso! Adadina msangamsanga, n'kupeza makalata a ku ofesi ndi zithunzi za ukwati wa mnzake. Inali fulashi yake yomwe, imene inali ikadali chibayire m'mbali. Adaizula, E n'kusowa. Adaibaya, E n'kubwera. Ndiye kuti E si malo a m'kati ayi. Ndi dzina limene makina amapatsa chilichonse chimene chalowetsedwa kuchokera kunja.

Adatembenuza laputopu n'kuyang'ana m'mbali. Panali kampata kopyapyala. Adakankha ndi chikhadabo, ndipo kanatuluka kapulasitiki kakuda kamene amavekamo kakhadi ka memori, kaja kolowa m'mafoni ndi m'mawailesi ang'onoang'ono. Tsopano adakumbukira. Foster ankajambula mawu pafoni, n'kuchotsa kakhadiko, n'kukabaya apa. Sadasamutse ngakhale fayilo imodzi. Ndipo kapulasitikiko kanali kopanda kanthu m'kati.

Adatuluka kuchipinda ngati wolumidwa ndi mavu.

"Alamu! Munachotsa kakhadi m'makinamu?"

Brave, amene ankamanga lamba wa chikwama, adadzuka nkhope itagwa. "Ine? Alamu, makinawo sindinawagwire n'komwe. Mukundiyesa wakuba pa maliro a mkulu wanga?"

"Sindinatero."

"Mwatero chomene."

Anthu onse pabalaza adasiya zimene ankachita. Keziya adachita manyazi, koma manyazi sakadamubwezera kanthu. Adatulukira khomo la kukhitchini. Pakhonde adapeza Luntha, kamtsikana ka sukulu ya mkaka, katavala juzi ya bambo ake yofika m'mawondo, kakudya mbatata.

"Luntha, kakhadi ka adada kaja ukukadziwa? Kakang'ono, ka mu laputopu?"

"Ndinawapatsa agogo," mwanayo adayankha mosavutika, m'kamwa muli mbatata. "Amalira. Ndiye ndinawauza kuti adada ali umu."

Keziya adazungulira kuseri kwa nyumba. Kumeneko, pansi pa mtengo wa mapeyala umene unkadontha madzi a nkhungu, apongozi ake aNyaMsiska anali atakhala pa ndowa yovundikira, atafunda bulangeti. Kawailesi kawo kofiira, kamene ankamvera nyimbo za kutchalitchi, anali atakagunditsa kukhutu. Ndipo kuchokera m'menemo, motsika kwambiri, Foster ankafunsa: "Luntha, nchivichi ichi?"

Keziya adaima pomwepo. Adagwira khoma.

Mayiwo atamuona adathimitsa kawailesi n'kukalowetsa m'bulangeti.

"Amama," adatero Keziya atagwada pa dothi lonyowalo, "kakhadiko ndakafunafuna m'mawa wonse."

"Ndikudziwa, anyina Luntha."

"Mumadziwa? Ine n'kumapenga m'nyumbamo, mpaka kunyoza alamu pamaso pa anthu, inu muli chete kuno?"

"Nanga ndikanati uli?" Mawu awo anali ouma, Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. "Jekete atenga. Nsapato atenga. Ine, amene ndinamubaba, andipatsa bulangeti. Bulangeti limayowoya? Lili ndi mawu? Inu mawa muzapita kwanu ku Balaka, mwana muzatenga. Mawu nawo mutenge? Yayi. Aka n'kanga. Aliyense watenga chake, ine changa ndi ichi."

Keziya adatsegula pakamwa kuti akalipe, mawu ali okonzeka kale, akuthwa. Kenako adaona mmene dzanja la mayiwo linkafinyira bulangeti pachifuwa, ndipo adamvetsa. Dzulo lonse mayiwa adakhala pamphasa akuonerera mwana wawo akugawidwa chidutswachidutswa, chilichonse kwa mwini mmodzi. Ndani adawauzapo kuti pali katundu wina amene sagawidwa choncho? Ukali udaphwa, m'malo mwake mudalowa chisoni.

"Amama, ichi sichili ngati jekete. Ndikhoza kukopera. Inu mukhala nawo, Luntha akhala nawo, osachepa ngakhale pang'ono."

"Mukatapa ufa m'thumba, thumba silichepa?"

"Uwu si ufa, amama."

"Makina ine ndimawadziwa. Ya ku banki inandimezera khadi, mpaka lero."

Kutsogolo kwa nyumba njinga yamoto ya kabaza idaliza hutala. Brave adaitana dzina la amayi ake, kenako la Keziya. Laputopu ya ku ofesi inalibe kampata ka khadi. Ntchitoyi inkatheka pa ya Foster yokha, ya batire lofiira ija, imene mwini wake watsopano anali ataima pakhomo.

"Tiyeni mukaone ndi maso anu," adatero Keziya. "Chala chanu chikhale pomwepo. Chikachitika choipa, mudzanditemberere moyo wanga wonse."

ANyaMsiska adamuyang'ana nthawi yaitali, yaitali zedi kwa munthu amene batire likumuthera. Kenako adadzuka.

Adadutsa pabalaza onse awiri. Kuchipinda mayiwo adatulutsa kakhadi okha, ndipo Keziya atakaveka m'kapulasitiki kaja n'kukabaya, iwo adaikadi chala pamphepete pake osachotsa. Foda idatseguka: ntchewe, ndiye galu uja, maji, nkhuku, mbuzi, mafayilo ndandanda. Keziya adawasankha onse n'kuwakokera ku fulashi. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Makina adachenjeza kuti batire latsala pang'ono kutha. Kamzere kadaima pakati, kaya kankaganiza chiyani. Keziya adapeza kuti akupemphera mokweza, pemphero lopanda mutu, "Ambuye chonde, Ambuye chonde," ndipo apongozi ake ankavomera m'Chitumbuka.

Kamzere kadafika kumapeto. Adazula fulashi, adazula khadi, ndipo asanapume n'komwe sikirini idachita bii.

"Wafa?" adafunsa mayiwo.

"Afe. Zathu tatenga."

Mu laputopu ya ku ofesi adaika mafayilowo mu foda imodzi ndi pulogalamu. Adapita pa mzere uja, adafufuta E, n'kuiuza pulogalamu kuti mawu iziwafuna pambali pake pomwepo, kulikonse kumene ingapite. Kandemanga ka "ndisamutsa mawa" adakayang'ana, chala chili pa batani lofufutira, koma adakasiya.

ANyaMsiska sadadikire. Anali atabwezera kale kakhadi m'kawailesi, nkhope ili gwa, okonzeka kupeza kuti aberedwa. Adatsegula. Nthawi yomweyo Keziya naye adadina. Galu wa khutu lopindika adaonekera, ndipo ulendo uno sadathawe.

"Luntha, nchivichi ichi?" idatero wailesi m'manja mwa mayi.

"Luntha, nchivichi ichi?" idatero laputopu pamiyendo pa mkazi, mochedwerako pang'ono.

Mayiwo adayang'ana kawailesi, adayang'ana laputopu, pakamwa pali yasa. Brave, amene adabwera kudzatenga katundu wake atakwiya, adaima pakhomo n'kuvula chipewa. Kunja wa kabaza ankalizabe hutala, koma palibe adamumva.

Luntha adadutsa pansi pa mkono wa Brave, mbatata ikadali m'manja. Adayang'ana kwa agogo ake, adayang'ana kwa amayi ake, osadziwa kuti ayankhe kuti. Kenako adapita pa kawailesi n'kunena, "Ntchewe, adada." Adatembenuka, adaweramira laputopu, n'kubwerezanso mokweza kuti nawonso amve: "Ntchewe, adada."