Mapiritsi a Bambo Pintilie

Otilia anali atagwira unamwino zaka khumi ndi zinayi mu wodi ya odwala mapapo mumzinda wa Iași, koma wodwala ngati bambo Pintilie anali asanamuonepo. Mkuluyo anali mlimi wa njuchi wochokera kumidzi ya ku Vaslui. Anamuchotsa chigawo cha phapo lakumanja Lolemba, ndipo pofika Lachinayi anali asanatsokomoleko ngakhale kamodzi.

Munthu akang'ambidwa m'nthiti, ntchito yake ndi kutsokomola basi. Akapanda kutero makhololo amadzadza m'chifuwa, chibayo n'kulowa. Koma ndani angatsokomole bala likuwawa? Mapiritsi opha ululu ntchito yake ndi yomweyo.

"Bambo Pintilie, ululu uli pati, kuyambira pa ziro mpaka teni?" anafunsa Otilia.

"Pa thuu, mwana wanga."

"Thuu wake uti, thukuta lili kamukamu chonchi?"

"Ndi mabulangete anuwa. Mukufuna kutiphika kapena?"

Nkhaniyi inamuzunguza mutu Otilia. Pa bedi loyandikana panali dalaivala wa basi yemwe ankamwa mankhwala omwewo, koma iye anali atayamba kale kuyenda mukhonde, akuseka ndi aliyense. Mkuluyu ankapuma mwapamwamba, ngati munthu wobisala kuseri kwa chitseko. Thupi linali litayamba kutentha, ndipo dokotala anati zikapanda kusintha pofika mawa, amubweza kwa odwala mwakayakaya.

Masana Otilia anamupatsa mapiritsi, n'kunamizira kukonza diripi, diso lili pa iye. Dzanja linapita kukamwa, madzi anamezedwa bwinobwino, koma chibakera sichinatambasuke. Chinalowa pansi pa pilo.

Otilia anapisa dzanja pomwepo n'kutulutsa kabokosi ka machesi. Munali mapiritsi a masiku atatu, oyera mbali ina, achikasu mbali ina, osanjidwa mwaluso.

"Siyani, ndi a akazi anga amenewo!" Mkuluyo analankhula monong'ona, nkhope itakwinyika. "Chiuno chimawasowetsa tulo a Paraschiva. Kwathu sitolo ya mankhwala inatsekedwa kalekale."

"Ndiye inuyo mufe?"

"Ana a lero inu simunaimepo pamzere kuyambira mbandakucha, n'kubwerako chimanjamanja. Chinthu chikapezeka, umasunga."

Otilia anafuna kukalipa, koma chisoni chinamugwira. Nawonso mayi ake anamwalira atasiya shuga wa zaka zitatu pansi pa bedi.

Nthawi yoona odwala itakwana, mayi Paraschiva anafika akutsimphina, chikwama chili m'manja. Otilia anawauza zonse pakhonde. Mayiwo analowa, n'kuyamba kutulutsa katundu pakatebulo: buledi, tchizi, botolo la uchi. Pomaliza anatulutsa kandulo yopyapyala ya kutchalitchi, ija amamugwiritsa munthu m'dzanja akamatsirizika kuti asapite mumdima. Anaiika pa bulangete, pachifuwa pa amuna awo.

"Ichi ndiye chiyani?" anatero bambo Pintilie, maso ali tong'o.

"Ndinamva mapumidwe anu pafoni dzulo. Bambo anga ankapuma choncho. Ndinati ndisapite chimanjamanja."

"Mayi inu, ine ndimasungira inu..."

"Ndawamva a namwino. Ndiye ndizimwa mapiritsi anuwo ndili ndekhandekha m'nyumba muja?"

Mkuluyo anaiyang'ana kandulo ija nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja. Otilia anaikamo mapiritsi awiri atsopano, ndipo mayi Paraschiva anamukanula kukamwa n'kusuzumira pansi pa lilime.

Patatha theka la ola, Otilia anamukhazika tsonga n'kumupatsa pilo kuti akumbatire pabala. Mkuluyo anakoka mpweya, anazengereza, kenako anatsokomola. Chinali chifuwa choipa, chophwanyika, chomveka mpaka kukhonde, ndipo misozi inachita kulakatika.

"Pa seveni," anatero akuwefuka, asanafunsidwe n'komwe.

"Tsokomolaninso," anatero mayi Paraschiva, atamugwira phewa ndi manja onse awiri.