Tiyi wa a Pius

A Pius atayamba kuiwala, mkazi wawo Esinala anapeza mwamuna. Zaka zonse zimene anali kapitawo ku minda ya nzimbe, bambowa pakhomo ankangobwera kudzasintha malaya. Njinga yawo inkadziwa njira imodzi yokha, ya kwa Tengani, kumene kunali Otilia wogulitsa mandasi.

Tsono mutu unasokonekera. Ankasochera popita kudimba, mbuzi zawo zomwe n'kumazifunsa kuti n'za yani. Otilia anafufutika m'mutumo ngati sanabadwe. Bambowa ankangokhala pansi pa mtondo, kumutsatira Esinala ndi maso, akawapatsa madzi n'kunena kuti, “Takhuta, mayi.” Ha, a Pius kuthokoza!

Kuchipatala adokotala anati ndi shuga. “Wachuluka m'magazi, thupi silikumumvanso insulini, ndiye ubongo ukuvutika. Mukawasamala akhoza kupezako bwino.”

Esinala anawasamala, mwana wa eni. Kabotolo ka insulini ankakasunga mumphika wa mchenga wonyowa kuti kasaonongeke ndi dzuwa la ku Chigwa. Jakisoni ankawabaya yekha. Anasiya kuphika za mafuta, n'kumawayendetsa m'mbali mwa Shire m'mawa uliwonse, tiyi wopanda shuga. Azilamu ake ankamunena kuti akuumitsa mchimwene wawo ngati mlamba wa pa thandala.

Mapira asanache, a Pius anadziwa mbuzi zawo. Anakumbukira nyimbo za kukwaya. Tsiku lina anapopa njinga, n'kukumbukiranso njira ya kwa Tengani.

Anabwera patapita masiku, milomo ili noninoni.

“Ndithirire tiyi,” anatero osamuyang'ana n'komwe. “Kwinaku tiyi amatsekemera.”

Esinala analowa m'khitchini mtima ukuwawa. Anatsitsa chitini cha shuga chimene anabisa kudenga. Iye ankadziwa bwino lomwe zimene shuga angachite: miyezi ingapo chabe, njinga ichita dzimbiri, mwamuna abwerera pansi pa mtondo, wofatsa, wothokoza, wake yekha. Ndani akanamuimba mlandu? Azilamu akanamuombera m'manja.

Anathira sipuni zitatu zodzaza n'kutakasa. Kapu ija anaiyang'ana nthawi yaitali.

Kenako anaimwa yekha chiimire, misozi ikugweramo. Anawapititsira a Pius wina wowawa, ndi jakisoni pambali.

“Kwezani malaya,” anatero Esinala. “Mawa muli ndi ulendo wautali wa kwa Tengani.”