Chulu Chosatuluka Ngumbi

A Gerishon, mphunzitsi wa ku pulayimale, anachenjeza anthu kuti chulu cha m'mbali mwa thamanda, kumunsi kwa Lisungwi, asachikumbe. "Kodi munaonapo ngumbi zikutuluka pamenepo? Si cha chiswe chimenecho. Panali mudzi kalekale." Anthu anangoseka, nati aphunzitsi ayamba kuphunzitsa ndi chiswe chomwe.

M'chaka cha 1978, Lameki anayamba kukumba chulucho kuti aumbe njerwa. Nyumba yake inkadontha, ndipo ankafuna yatsopano mvula isanagwe chifukwa cha chifuwa cha Jessie, khanda lawo.

Mkazi wake Edina ndiye ankatunga madzi opondera dothi. Tsiku lina anaona mapale okhala ndi mizere yokongola atatulukira m'matope. Panalinso timikanda toyera ndi miyala yakuda yolemera ngati chitsulo. Ku sekondale anaphunzirapo kuti malo otere Boma limawateteza.

"Bambo a Jessie, taonani izi. Aphunzitsi aja sankanama."

Lameki anayang'ana, kenaka anayang'ana kunjira. "Katayeni m'thamanda, mukhale chete. Mukufuna Landirova ya apolisi ibwere pakhomo pano?"

Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa pa nkhani yochepa. Edina ankaopa kunena, koma ankaopanso kubisa, pakuti amayi odzatunga madzi anali ataona kale dzenjelo. Anabereka mwana n'kupita kwa a Malizani, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Rumphi, amene ankadziwa za m'maofesi.

Madzulo a Malizani anafika pa njinga. Anagwada m'mphepete mwa dzenje, osakhudza kanthu.

"Achimwene, mwakumba m'khitchini mwa eni ake," anatero akumwetulira.

"Eni ake ali kuti? Malo ano ndi a malume anga," anayankha Lameki.

"Munda ndi wanu, palibe akulandani. Koma zili pansizi ndi za dziko lonse. Anthu amenewa sanasiye buku. Mbiri yawo ndi mapalewa, ndipo akatswiri amaiwerenga poona mmene zinthu zagonera m'dothi. Mukazisuntha, mbiriyo yafufutika. N'chifukwa chake pali lamulo loteteza malo akale."

Edina anafunsa chimene chinkamuvuta. "Nanga awa awamanga?"

"Mayi, mlandu umakula munthu akapitiriza kukumba akudziwa, kapena akabisa ndi kugulitsa. Amuna anu sankadziwa. Aleke lero, zonse zikhale pomwepo, ndipo akanene okha ku Neno Boma. A kumeneko adzadziwitsa a zosunga zinthu zakale."

"Nanga nyumba? Mwana azigona m'mapale?" anatero Lameki.

A Malizani anatola njerwa imodzi yaiwisi naifinya. Inanyenyeka yonse. "Dothi ili ndi phulusa lokhalokha. Mu uvuni zikanasweka. Kuseri kwa dimba la sukulu kuli chulu chenicheni, ndipo a Gerishon akhala akufuna wochigumula."

Lameki anatola njerwa ina, nayonso inanyenyeka. Kenaka anasenza khasu ndi chikombole. Asanachoke, iye ndi Edina anadula minga n'kutchinga dzenjelo kuti mbuzi ndi ana asalowemo.

"Mukauze anzanu kuchitsime," a Malizani anauza Edina akukwera njinga. "Wopeza zinthu zakale m'nthaka aleke kukumba, asazisunthe, akanene ku Boma msanga."

Pofika kunyumba, Edina anali akadali ndi nkhawa. "Bwanji ndipite ine? Chizungu ndimachitha."

"Ayi, amake Jessie. Anakumba ndine. Akamva kwa wina adzati ndimabisa." Anaima pakhomo akukutumula fumbi m'malaya. "Mundichapire awa, ndipo khadi la chipani likhale m'thumba. Ndinyamuka kusanache, kuti potsegula ofesi andipeze ndili pakhomo."