Nsapato za Tsiku la Alendo

Mkazi wa kalipentala anali atagwada pansi m'wodi kuchipatala, akulimbana ndi nsapato. Phazi la mwamuna wake linali lotupa, nsapato ikukana.

"Mayi, zisiyeni," anatero kalipentala ali pa njinga yake ya olumala. "Alendowo akudzaona msana, sakudzaona ukwati."

"Ndiye akupezeni mapazi ali pamtunda ngati mulibe mkazi? Ayi, manyazi amenewo ine sindingathe."

Anakankha mpaka inalowa, n'kumanga zingwe kuti ndii.

Chigwereni padenga la nyumba ya eni, kalipentala sankamva kanthu kuyambira m'chiuno kutsika. Adokotala anamulowetsa m'kafukufuku wa makina otumiza timagetsi ku mitsempha ya msana, ndipo mwezi wapitawo chala chachikulu chakuphazi chinayamba kugwedezeka. Chala chokha, komatu mkazi uja anavina m'wodi mpaka anamwino kumuletsa. Tsopano thandizo la kafukufukuyo linali kumapeto, ndipo eni ake anatuma anthu kudzaona ngati n'koyenera kuliwonjezera.

Alendo analowa mothamanga, maso ali pa wotchi. Adokotala anamata mawaya pamsana pa kalipentala, n'kuyang'ana kumapazi. Nkhope yawo inagwa.

"Nsapatozi wawaveka ndani? Vulani msanga!"

Mkazi uja anagwada kuti amasule zingwe. Mfundo inakana kumasuka, mfundo yomanga yekha! Namwino anathamangira sizasi n'kudula zingwe. Phazi linatuluka litapanikizika, mizere ili thoo. Adokotala anayatsa makina, anayatsanso, chala chili duu. Wamkulu wa alendo anamwetulira mwaulemu, anati nsapatozo n'zokongola, n'kupita chipinda china.

Yankho silinachedwe: thandizo latha. Makina nawo anali a eni thandizo, ndipo analongedzedwa m'bokosi.

"Adokotala, ndalakwitsa ndine eti?" anafunsa mkazi uja.

"Ayi mayi, mwina eni thandizo anali ataganiza kale. Odwala athu ndi ochepa, zotsatira zikuchedwa." Koma ponena zimenezi adokotala ankayang'ana pawindo.

"Nanga makinawo sangatibwereke?"

"Ndapempha. Akana."

Kunyumba, m'mawa uliwonse mkazi uja ankavundukula bulangete n'kukhala kumiyendo kwa bedi.

"Tayesani, bambo."

Poyamba chala chinkayankha pang'ono, wochiona ali iye yekha. Kenako chinayamba ulesi. Tsiku lina kalipentala anayesa mpaka thukuta kamukamu, maso ali kudenga.

"Chagwedezeka?"

Mtima unamupweteka mkazi uja. Anadana ndi manja ake omwe, anadana ndi ulemu umene anakula nawo.

"Pang'ono," anatero.

"Mayi, bodza simulitha, chikwatiranireni." Kalipentala anaseka kaphwete kopanda moyo, kenako anati, "Bweretsani nsapato zija mundiveke. Palibenso choti munthu aone."

Mkazi uja anazitenga kunsi kwa bedi, zingwe zake zili zoduka, n'kugwada. Ulendo uno sanalimbane nazo. Miyendo inali itafota, ndipo nsapato zinangolowa zokha.